Nyale Yabodza ya ku Garneton

Ana anga, mutu uno ndikulemba chifukwa cha a Tembo. Mu Kitwe mudakali anthu amene akamva dzina lawo amaseka n'kumati, "Aa, mdala uja anazimitsa matauni a migodi ndi dzanja limodzi!" Ine ndikamva zimenezo magazi amandiwira, ngakhale pano adokotala anandiletsa kupsa mtima. A Tembo anachotsedwa ntchito ngati munthu wosasamala, ndipo analowa nalo m'manda dzina limenelo. Ine ndinalipo, ndinaona, ndiye mumve kwa ine. Komanso mudziwe chifukwa chake chitsulo chotuwa chija chili pansi pa bedi langa sichinapite kwa ogula zitsulo zakale, ngakhale amayi anu akhala akuchilonda zaka zonsezi.

Chaka chimene ndinakwatira amayi anu

Ndinalowa ntchito m'kampani ya boma imene inkasamalira mawaya olumikiza maofesi, mabanki ndi migodi. Dzina lake sinditchula, eni ake akulidziwa. Tsiku loyamba anandipereka kwa munthu wina wamfupi, wa jekete yochapa bwino, wochokera kwathu kummawa. "Awa ndi a Tembo, uziyenda nawo." Anali a Mboni, mowa ayi, fodya ayi, bodza ndiye ayi wamtheratu. Ine pa nthawiyo ndinali mnyamata wa pakamwa, ndipo ndinaganiza kuti andipatsa m'busa m'malo mwa mnzanga wa ntchito. Tinayenda limodzi zaka zambiri, poyamba tikukwera mitengo ya mawaya, kenako atabwera makina atsopano anatiphunzitsa tonse awiri.

Makinawo ankatchedwa marauta. Rauta ndi bokosi lachitsulo lokhala m'kabati, ntchito yake kulandira mauthenga a makompyuta n'kuwalozera njira, uwu upite ku Ndola, uwu upite kumigodi. Rauta iliyonse yaikulu inali ndi timabokosi tiwiri todyetsa magetsi, ife tinkati mapawa. Pawa imalowa ngati dirowa, kutsogolo kwake kuli kafani ndi kanyale. Kanyale kakabiriwira, pawa ili moyo. Anaika ziwiri dala kuti ina ikafa inzake isenze katundu, ndipo iwe ukhoza kuzula yakufayo n'kuika yatsopano makina akugwirabe ntchito. Koma ukazula yamoyo inzake itafa kale, basi, wazimitsa zonse.

Chifukwa cha ichi, a Tembo anakhazikitsa mwambo umene dipatimenti yonse inadzautengera. Pawa sankazula munthu mmodzi. Wina ankapita kuseri kwa kabati ndi mita yoyezera magetsi, wina kutsogolo. Wa kuseri ankafuula, "Yamoyo ili kumanja!" Wa kutsogolo ankaika chikhatho pa yamoyoyo n'kuyankha, "Ndaigwira!" Ndipo ankazula inayo ndi dzanja lotsalalo, chikhatho chija chili pomwepo. Anyamata a m'maofesi ankatiseka, amati tikuchita mapemphero. A Tembo ankangondiuza kuti, "Asiyeni aseke, a Sakala. Maso amatopa, mita satopa."

Zaka zimene sitolo inauma

Iwe Dalitso ukuyamba sukulu, zinthu zinali zitayamba kuvunda. Migodi inkadula anthu pa ntchito, mabasi a kampani anaima, ndipo ku sitolo yathu ya zipangizo kunatsala mashelefu ndi fumbi. Ukapita kukapempha pawa yatsopano, wa kusitolo ankakuyang'ana ngati wapempha mwezi, n'kukuyankha m'Chibemba kuti, "Tapali, mukwai." Palibe. Magetsi ankangothimathima, ndipo nthawi iliyonse akabwerera ndi mphamvu ankapha pawa imodzi kwinakwake. Ndiye tinayamba zobwereka. Rauta imene ili ndi mapawa awiri amoyo, tinkachotsako imodzi n'kukaika kumene kwafiratu. Tinkayenda ndi pawa m'chikwama pa minibasi, titaikulunga m'thaulo ngati khanda. Ine ndinkadana nazo, koma nanga tikanatani?

Nthawi imeneyo mkulu wa dipatimenti yathu anali a Mwale, wakwathu ndithu, mudzi wawo si kutali ndi kwa agogo anu. Munthu ameneyu anali ndi malilime awiri. Akafuna kuti umuchitire kanthu, ankatseka chitseko n'kuyamba Chinyanja chokoma, "mphwanga, wakwathu." Akafuna kukulanga, ankatsegula chitseko kuti onse amve, n'kulankhula Chizungu chokhachokha. Ife tinafika pozolowera, ukangomva "mphwanga" unkadziwiratu kuti lero kuli kusenza zonyansa.

Chaka chimene kunabwera ogula

Boma litalengeza kuti kampani yathu igulitsidwa, kunamveka kuti ogula atumiza anthu awo kudzaona makina. Mwadzidzidzi utoto unapezeka! Kampani imene inalibe ngakhale fyuzi inapeza utoto wopaka makoma ndi miyala ya m'mbali mwa msewu. Sabata imeneyo a Tembo anali kumudzi, amayi awo atamwalira. A Mwale anandiitana n'kutseka chitseko.

"Mphwanga," anatero, "alendo aja akatsegula kabati n'kuona kanyale kamodzi kozima, atsitsa mtengo, mwinanso athawa. Akathawa, tonse tili pamsewu. Iwe uli ndi manja abwino. Utenge kawaya kakang'ono, ubwereke magetsi mkati mwa rauta, udyetse kanyale ndi kafani ka pawa yakufayo. Izioneka yamoyo. Ndi za masiku ochepa chabe."

Ndinayamba ndaseka, ndimayesa nthabwala. Nditaona kuti nkhope yawo siikusintha ndinati, "Bwana, mukuti ndidzoze mtembo mafuta kuti alendo aupatse moni?"

"Usakokomeze nkhani, mphwanga. Palibe amene afe."

"Kanyale kaja ndi kamene timakhulupirira tikamazula. Mukakaphunzitsa kunama, mawa kadzanamiza ife tomwe. Ine ayi. Pezani wina."

Pamenepo anadzuka, natsegula chitseko, Chizungu chinayamba. Anati ndine wosamvera, wosaganizira anzanga, ndipo sabata isanathe ndinalandira uthenga woti andisamutsira ku Ndola. Ndi mmene tinapezekera ku Chifubu m'kanyumba kodontha kaja, Esinati ukukumbuka mmene tinkatchingira mvula ndi mabeseni. Wina anapezekadi, munthu wa ganyu wochokera kunja kwa kampani, amene anazungulira makabati Loweruka ndi Lamlungu ndi kawaya kake. Alendo anabwera, anatsegula makabati, anaona zobiriwira zokhazokha, anagwedeza mitu, anadya nkhuku kuhotela, anagula kampani. Koma abale!

A Tembo atabwerako kumaliro ndinakwera basi kukawauza zonse. Atamva zonse anati, "Ndiye kuti tsopano nyale zathu zili ndi mabodza mkati." Anatenga mita, nayamba kuzungulira okha m'makabati a m'tauni, kulikonse kumene anapeza kawaya kaja anakachotsa. Panatsala kanyumba kamodzi ka makina kunja kwa tauni, cha ku Garneton, pakati pa mapuloti ndi minda ya masamba a rape. Rauta ya m'menemo ndi imene inkanyamula mauthenga onse opita kumatauni a migodi a kumtunda. Galimoto yopitira kumeneko inalibe mafuta, ndiye a Tembo anapita kukafunsa a Mwale maso ndi maso. A Mwale anayankha kuti, "Ku Garneton sitinagwireko, achikulire. Alendo aja akanapita kukatani kutchire?" A Tembo, munthu amene sananamepo, anakhulupirira.

Chaka choyamba cha eni atsopano

Eni atsopano analonjeza zipangizo zatsopano, koma chimene chinafika msanga ndi mpeni. Anati anthu awiri pa kabati imodzi ndi kuwononga, aliyense aziyenda yekha. Mamita anawasonkhanitsa kuti akawayeze ngati akugwira bwino, ndipo anabwerako ochepa, oti uzichita kusaina kuti ubwereke. Ndinawafunsa pamsonkhano kuti nanga munthu mmodzi adzaima bwanji kutsogolo ndi kuseri kwa kabati nthawi imodzi, kodi tamera mapiko? Anandiyankha kuti makina amakono ali ndi nyale zosonyeza zonse, munthu angoyang'ana. Amene anayankha choncho anali a Mwale, amene tsopano anali atakwezedwa, atavala tayi yatsopano.

Tsiku lina chakumapeto kwa mwezi, pawa inafa kuno ku Ndola pa rauta ya makasitomala akuluakulu. A Mwale anaimbira a Tembo kuti athamangire ku Garneton, kuli mapawa awiri amoyo, achotseko imodzi aitumize. A Tembo anapempha mita, anauzidwa kuti ili ndi wina ku Luanshya, asachedwetse ntchito. Anapita. Anatsegula kabati, tinyale tiwiri tobiriwira, timafani tiwiri tikuzungulira. Anandiuza pambuyo pake kuti anaikabe chikhatho pa ya kumanja monga mwa mwambo wathu, anamva kamphepo kakutuluka, nanena okha kuti "Ndaigwira," popanda wowayankha. Anazula ya kumanzere. Zonse zinati zii.

Anaibwezera msangamsanga, koma pawa yokalamba ija, imene inasenza katundu yokha chaka chathunthu, sinapirire kudzutsidwa mwadzidzidzi. Inatulutsa utsi, basi. Matauni a kumtunda anakhala opanda kulumikizana masiku angapo. Mabanki anatseka mawindo, anthu a m'migodi anaima pamizere padzuwa osalandira malipiro, akutukwana. Eni kampani ankafuna mutu wa munthu, ndipo mutu umene unali pafupi unali wa a Tembo.

Ine ndi amene anandituma kukakonza, nditanyamula pawa yobwereka kwina. Nditazula ya kumanja ija ndinaona kawaya kofiira kakulendewera kumbuyo kwake, komata bwinobwino ndi tepi. Nditatsegula chivundikiro, mkati monse munali makala, inapsa kalekale, mpaka kangaude anamangamo. Ndinakhala pansi pa simenti m'kanyumba kaja. Madzulo ake a Mwale anandipeza, natseka chitseko.

"Mphwanga, chitsulo chija uchiponye ku zotayidwa. Mdala uja watsala pang'ono kupuma, ife tidzamuona bwino mwanjira ina. Kukubwera kudula kwina, koma iwe ndakuika kumbali, ubwerera ku Kitwe, nyumba ya kampani. Ganizira ana."

"Ndiye kuti munkadziwa?"

"Ndinaiwala, mphwanga. Makabati anali ambiri."

Anaiwala! Munthu kutchera msampha panjira ya anzake, n'kuiwala pamene anautchera, kenako n'kutuma mnzake kuti adutse pomwepo. Ndinangotembenuka n'kutuluka. Ndinafika kunyumba ndi chitsulo chija m'chikwama. Dalitso unali m'kalasi yomaliza ya sekondale, Esinati ukudwaladwala chifuwa chifukwa cha chinyontho cha nyumba ija. Ndinawafotokozera amayi anu zonse, mpaka za nyumba ya ku Kitwe. Anapitiriza kusita yunifolomu osandiyang'ana, kenako anati, "Atate ake Dalitso, pamene ndinadwala pa mimba ya Esinati, anandinyamula pa njinga kupita kuchipatala ndani?" Ndinati a Tembo. Anati, "Nanga mukundifunsa chiyani? Tomato ndimadziwa kugulitsa."

Tsiku la mlandu

Mlandu unachitikira ku ofesi yaikulu ku Kitwe. Kutsogolo kunakhala bwana woimira eni atsopano, mayi wina woona za antchito, ndi a Mwale. A Tembo anakhala pampando wapakati atavala jekete yawo ija, manja pa mawondo. Ine palibe anandiitana, ndinangolowa ndi chikwama changa, n'kuika chitsulo chija pa tebulo lawo lopukutidwa bwino. Ndinawaonetsa makala a mkati, ndinawaonetsa kawaya kofiira, ndinafotokoza za alendo aja, za chitseko chotseka, za kusamutsidwa kwanga. Ndinapempha kuti andilole ndilumikize ku batire aone okha mmene chimayakira. Mayi uja anakana, akuti malamulo a chitetezo salola kuyatsa chipangizo chowonongeka mu ofesi. Chitetezo! Kampani imene inatilanda mamita inakumbuka chitetezo tsiku limenelo.

Bwana wamkulu uja anamvetsera ndithu, sindimunamizira. Ndinaona nkhope yake ikufiira, chifukwa anazindikira kuti iwonso anawaphimba m'maso pogula. Koma kuvomera zimenezo kunali kuvomera kuti anagula mbuzi m'thumba, ndipo akuluakulu ake kunja akanamufunsa. Ndiye anakonza pakhosi n'kunena kuti zimene zinachitika kampani isanagulidwe si nkhani ya bwalo lino. Funso ndi limodzi, ndani anazula pawa yamoyo popanda kuyeza?

Ndinawayang'ana a Tembo, mumtima ndikuti, achikulire, nenani kuti munatumidwa, nenani kuti anakumanani mita, zungulirani pang'ono! Iwo anati, "Ndinazula ndine, bwana. Mita ndinapempha, sindinapatsidwe. Koma dzanja linali langa."

Mayi uja analemba mawu omalizawo okha. A Mwale anawonjezera m'Chizungu kuti n'zodabwitsa kuti a Sakala akukadziwa bwino chonchi kawaya kameneka, mwina afotokoze kuti anakadziwira kuti. Apo ndiye ndinaphulika. Ndinawauza m'Chinyanja, chilankhulo cha chitseko chotseka, kuti, "Inu a Mwale, amayi anu ndimawadziwa, ndi munthu waulemu. Lero akanakhala pano akanafunda chitenje kumaso." Alonda anandigwira mikono n'kunditulutsa, koma chitsulo changa sindinachisiye, ndinatuluka nacho chili kukhwapa.

A Tembo anawachotsa tsiku lomwelo chifukwa cha kusasamala pa ntchito, atatsala pang'ono kupuma mwaulemu. Ine anandidula mwezi wotsatira, akuti ntchito yanga yatha. Amayi anu anayambadi tomato pamsika wa Chifubu, ine ndinkakonza mawailesi pakhonde. Dalitso, koleji unachedwa nayo zaka ziwiri chifukwa cha ichi, ndipo sunandifunsepo chifukwa chake. Tsopano wadziwa. A Mwale anapuma ndi phwando, anawapatsa wotchi ya pakhoma.

Chaka chimene a Tembo anadwala

A Tembo anasamukira ku Chipulukusu, ku Ndola konkuno, kwa mwana wawo wamkazi, Rute. Ankakonza matochi ndi maayironi, Loweruka n'kumayenda khomo ndi khomo ndi chikwama chawo cha mabuku. Sanadandaulepo pamaso pa anthu. Koma ine ndinkaona kuti chinthu chikuwadya. Munthu amene kale ankagwira waya molimba mtima anayamba kuyeza batire ya tochi kawiri katatu, n'kundifunsa kuti ndiyezenso ine. Anthu akamawaseka pamsika kuti "ba Tembo, musatizimitsire," ankasekerera nawo, koma akafika pakhonde panga kuseka kunkatha.

Tsiku lina masana, atawonda kale ndi matenda, Rute anawabweretsa kwathu. Titamwa tiyi anati, "A Sakala, pali chimene ndakhala ndikufuna kukufunsani. Mundiyankhe zoona, musandikomere mtima. Kodi tsiku lija ndikanayang'anitsitsa, sindikanaona? Mwina maso anga anali atakalamba. Mwina ndinafulumira."

Ha, mtima unandipweteka. Anawalanda ntchito, anawalanda dzina, ndiye anawalandanso kudzikhulupirira. Ndinakumbuka kuti pamlandu paja anatikaniza kuyatsa, ndiye kuti a Tembo chionereni ku Garneton sanachionenso chitsulocho chikuyaka. Ndinalowa kuchipinda, ndinachikoka pansi pa bedi, ndinachipukuta fumbi. Ndinabwereka batire ya galimoto kwa neba, ndinalumikiza kawaya kofiira kaja kuseri, n'kuchiika pa tebulo kutsogolo kwawo. Kanyale kanabiriwira. Kafani kanayamba kulira bwinobwino.

"Achikulire," ndinatero, "lero palibe akukuthamangitsani. Valani magalasi. Yang'anani mpaka mukhute. Mundiuze, yamoyo kapena yakufa?"

Anavala magalasi. Anayang'ana kutsogolo, anayang'ana m'mbali, anasendeza khutu. Kenako anatambasula chikhatho chawo chowonda chija n'kuchiika pa chitsulo, monga tinkachitira zaka zonse zija. Anakhala choncho nthawi yaitali, kamphepo kakuwapita pakati pa zala.

"Yamoyo," anatero pang'onopang'ono. "Ngakhale lero ndikanazula inzake."

Misozi inatsika, koma ankaseka. Rute anatembenukira kukhoma. Ine ndinangochotsa waya ku batire, kanyale kanazima. A Tembo anamwalira mvula isanayambe.

Ndiye mwamva, ana anga. Ine ndikadzapita, chitsulo chimenecho musadzachigulitse pa sikelo. Mudzachipereke kwa Rute, ali ndi ana aamuna awiri amene akukula akumva anthu akuseka dzina la agogo awo. Kawaya kofiira kali kumbuyo mukalumikize ku batire, waya wachiwiri wa batire mugunditse ku chitsulo, batire ya galimoto ikwana. Adzayatse, adzaike chikhatho, adzaone okha.